Kuphunzira jazi pa saksofoni ndi mabuku a Jamey Aebersold

Munthu amene waimba saksofoni kwa chaka chimodzi kapena ziwiri mu bandi ya kutchalitchi amatha kutsatira nyimbo yolembedwa kapena imene waimva. Mavuto amayamba woimba kiyibodi akamukodola kuti mpata ndi wake, pamene palibe noti ngakhale imodzi papepala. Zala zimangokwera ndi kutsika sikelo, ndipo omvera amazindikira kuti palibe chikunenedwa. Mabuku a Jamey Aebersold analembedwera munthu wotereyu.

A Aebersold ndi woimba saksofoni wa ku New Albany, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo anabadwa mu 1939. Mu 1967 anatulutsa buku lawo loyamba limodzi ndi mbale ya nyimbo: piyano, besi ndi ng'oma zikuimba, koma wotsogolera palibe, malo ake ndi anu. Mabukuwa tsopano aposa 130, ndipo mu 2014 bungwe la National Endowment for the Arts linawapatsa ulemu wa Jazz Master. Chiphunzitso chawo chagona poti aliyense angathe kupeka nyimbo pompopompo ngati aphunzitsa khutu ndi zala mwadongosolo. Musadzivute kusonkhanitsa mabuku onse. Volume 1 ikukwanirani miyezi ingapo, kenako Volume 3 yomwe ndi ya ma chord (manoti angapo oimbidwa pamodzi) a II-V7-I, ndipo Volume 54 ibwere mukafuna nyimbo zathunthu zosavuta. Nyimbo zake zisungeni m'foni momwemo kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha ntchito isaime.

Tsegulani tsamba loyenera

Apa ndi pamene ambiri amagwa tsiku loyamba lomwe. Buku lililonse lili ndi magawo anayi: la zida za C, la Bb, la Eb, ndi la zida za mawu apansi monga besi ndi thiromboni. Alto ndi baritone ziwerenge gawo la Eb, tenor ndi soprano gawo la Bb. Chifukwa chake n'chakuti saksofoni siitchula manoti mofanana ndi piyano. Piyano ikagunda C, wa alto amagwira A, wa tenor amagwira D. Ikagunda Bb, wa alto ali pa G, wa tenor pa C. Mukawerenga gawo la C muli ndi alto m'manja, zonse zidzamveka zosemphana ndi bandi ngakhale zala zanu zikulondola. Wophunzira wotere amayamba kudzikayikira khutu pomwe cholakwika ndi tsamba.

Zizindikiro za a Aebersold ndi zachidule. Kamzere kotsatira chilembo cha chord, monga C-, ndi minor. Kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi major 7. Chilembo chokhala ndi 7 yekha ndi dominant.

Chida chiyambe chakhala bwino

Nyimbo zojambulidwa za mabukuwa zimayamba ndi noti zotchunira, Bb ndi A za piyano. Pa alto imeneyo ndi G ndi F#, pa tenor ndi C ndi B. Mawu anu akakhala pansi, kankhirani mouthpiece, chidutswa chimene mumaika pakamwa, mkati pa khosi la chida. Akakwera, itulutseni pang'ono, mamilimita 1 kapena 2 nthawi imodzi. Musatchune chida chozizira. Ombani kaye kwa mphindi 5, pakuti mpweya wa mkati ukatentha mawu amakwera. N'chifukwa chake malo amene mouthpiece imakhala m'mamawa wa Juni sangafanane ndi a masana a Okutobala, ndipo mzere wa bolopeni pa koko (cork ya pakhosi pamene mouthpiece imalowa) ndi chikumbutso chabe, khutu ndilo liweruze. Koko ikafooka mouthpiece n'kumagwedera, kulungani tepi yoyera ija ya apulambala kawiri kapena katatu mpaka mutapeza wokonza.

Reed, kachidutswa ka bango kamene kamanjenjemera kuti mawu atuluke, ndiyo imavutika kwambiri ndi nyengo ya Lilongwe. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya ndi wouma, ndipo reed ikauma msanga nsonga yake imachita makwinya kapena kumsana kwake kumapindika, mpweya n'kumathawira m'mbali. Zotsatira zake ndi kulira kwa tswii ndi manoti apansi okana kutuluka. Iviikeni m'kapu ya madzi oyera mphindi 2 kapena 3 musanaimbe, ndipo mukatha ipukuteni n'kuisunga pa chinthu chosalala bwino, osaisiya pa mouthpiece. Yambani ndi reed yofewerapo, ya nambala 2 kapena 2.5, pa mouthpiece wamba ngati Yamaha 4C. Reed yolimba siipangitsa munthu kukhala katswiri, imangomuphunzitsa kuluma. Popeza ma reed sapezeka paliponse ndipo ambiri amachita kuitanitsa kwa amene akuchokera ku Johannesburg, khalani ndi anayi, muwalembe manambala, muziwasinthanitsa tsiku ndi tsiku. Amakhalitsa kuposa kutha imodzi imodzi.

M'dzinja vuto limasamukira ku ma pad, timapilo tachikopa totseka mabowo. Ya G# ndi ya C# yapansi zimakhala zotseka chida chikapuma, choncho zimamata. Lowetsani pepala loyera pansi pa pad, tsekani mopepuka, kokani pepalalo, bwerezani katatu. Tsukani m'kamwa mukamwa tiyi wa shuga kapena Fanta musanaombe, chifukwa shugayo ndiye amamata. Ngati C, B ndi Bb zapansi zikubwebweta ngakhale reed ili bwino, pali potulukira mpweya. Zimitsani magetsi m'chipinda, lowetsani katochi mkati mwa chida, tsekani mabatani mopanda kufinya, muone pamene kuwala kukutulukira. Musapinde chitsulo nokha.

Nyimbo yoyamba ya Volume 1

Bandi imakhala ma bar 8 (bar iliyonse pano ndi kugunda kanayi) pa F minor ya piyano, 8 pa Eb minor, 8 pa D minor, n'kubwerera. Wa alto akuona D, C ndi B minor. Wa tenor akuona G, F ndi E minor. Sikelo yake ndi dorian. Dzinali lisakuopseni. Amene anakulira m'kwaya akudziwa do re mi. Dorian ndi sikelo yomweyo mutayambira pa re n'kuthera pa re. Ya D ndi D E F G A B C. Ya C ndi C D Eb F G A Bb. Ya B ndi B C# D E F# G# A. Noti yachisanu ndi chimodzi ndiyo imaisiyanitsa ndi minor yozolowereka, ndipo wa alto akaiwala G# pa sikelo yachitatu mtundu wonse wa nyimbo umasintha.

Ulendo woyamba musaombe konse. Mverani, muwerenge ma bar mokweza, mukweze dzanja pamene chord ikusintha. Mukaphonya, bwerezani. Munthu amene sangamve kuti ma bar 8 atha chida chili pamiyendo sadzamva chili pakamwa. Ulendo wachiwiri ombani noti yoyamba yokha ya sikelo iliyonse, yaitali, mawu odzaza. Kenako manoti awiri oyamba, atatu, asanu, kukwera ndi kutsika. Zikakhazikika bwerani ku manoti a chord, powerenga kuchokera pa noti yoyamba ya sikelo: 1, 3, 5, kenako onjezani 7, kenako 9. Sikelo yonse ibwere pomaliza. Ndondomekoyi ingatenge sabata ziwiri, ndipo ndi sabata zogwiritsidwa bwino.

Tsopano chofunika koposa, chimene a Aebersold amachibwereza m'mabuku awo: imbani ndi pakamwa musanaombe. Lolani bandi iyende, ng'ung'udzani kachiganizo ka ma bar awiri, kenako kafunefuneni pa chida. Poyamba mudzaphonya theka la manoti. Pitirizani. Zimene pakamwa pamatulutsa zimakhala ndi popumira, pofunsa ndi poyankha, pamene zala zosiyidwa zokha zimangobwereza zimene zinaloweza. Ife tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa nyimbo zathu zambiri, za pamtondo ngakhale za pamaliro, zili ndi woyambitsa ndi ovomera. Chitani chimodzimodzi: ma bar awiri muyambitse, awiri mukhale chete ngati mukumvera, awiri muvomere nokha. Dziikireni malire a manoti atatu okha pa ma bar 8 onse. Mukatero mudzakakamizika kusewera ndi kagundidwe ndi kutalika kwa noti, ndipo jazi imakhala pamenepo kuposa pa kuchuluka kwa manoti.

Nyimbozi zinajambulidwa mogawa: kumanzere kuli besi ndi ng'oma, kumanja piyano ndi ng'oma. Kasipika kamodzi ka Bluetooth kamasakaniza zonse. Valani ma earphone a waya khutu lakumanzere lokha, piyano ichoke, mutsale ndi besi. Ngati manoti anu paokha akumveketsa kuti chord yasintha, mwayamba kufika.

II-V-I: manoti awiri ogwira ntchito yonse

Nyimbo zambiri za jazi zimayenda pa ma chord atatu otsatizana, yachiwiri, yachisanu ndi yoyamba. M'kiyi ya Bb ya piyano ndi Cm7, F7, Bb. Wa tenor akuwerenga Dm7, G7, C. Wa alto Am7, D7, G. Wophunzira amene waloweza sikelo zitatu za ma chord amenewa amadabwa kuona kuti manoti ake ndi amodzimodzi, ndiye amangoyendayenda m'menemo osamveka kuti ali pati. Chimene chimamveketsa kusintha ndi noti ya 3 ndi ya 7. Pa tenor, C yomwe ndi 7 ya Dm7 imatsikira pa B, 3 ya G7. Ndipo F, 7 ya G7, imatsikira pa E, 3 ya C. Pa alto ndi G kupita F#, kenako C kupita B. Ombani manoti okhawo, amodzi pa bar, m'makiyi onse 12, kiyi imodzi kapena ziwiri pa sabata. Mukatha, dzazani pakati ndi manoti ena koma muzifika pa 3 pa kugunda koyamba kwa bar yatsopano.

Blues imafuna chenjezo lomweli. Ya ma bar 12 mu Bb ndi G kwa alto. Sikelo ya blues, G Bb C C# D F, imakoma ndipo imakwana paliponse, n'chifukwa chake ena amakhalamo zaka zisanu osatuluka. Onani kuti G7 ya ma bar anayi oyamba ili ndi B, pamene C7 ya bar yachisanu ili ndi Bb. Imbani kachiganizo kokhala ndi B, mukabwereze pa bar 5 mutasintha B yekhayo kukhala Bb. Ngakhale popanda bandi, womvera adziwa kuti mwafika pa chord yachinayi.

Nthawi ndi khutu

Kuthamanga ndi matenda a pafupifupi aliyense, makamaka zala zikafika pa malo ozolowereka. Ikani metronome ya pafoni, kachipangizo kogunda nthawi mosasintha, pa 60, muziimva ngati kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, mmene timbale ta hi-hat timatsekera. Pamenepo liwiro lenileni ndi 120. Manoti afupiafupi musawadumphitse ngati a pelete. Lilime likhudze reed mopepuka pa noti yachiwiri ya awiri alionse, n'kuilumikiza ndi yotsatira, mpweya osaduka.

Buku silingakupatseni katchulidwe, ameneyo amachokera kwa oimba. Nyimbo ya So What ya Miles Davis, ya mu 1959, imayenda pa D dorian ma bar 16, Eb dorian 8, D dorian 8, potchula za piyano, sikelo ziwiri mwa zitatu zimene mwaphunzira kale. Yambani ndi gawo la lipenga la Davis chifukwa lili ndi mipata, musanapite kwa John Coltrane pa tenor ndi Cannonball Adderley pa alto. Tengani ma bar anayi okha, muwamvere mpaka muwaimbe ndi pakamwa, muwapeze pa chida, kulemba kubwere pambuyo. Buku la Charlie Parker Omnibook, limene a Aebersold analemba pamodzi ndi Ken Slone mu 1978, ndi chuma chenicheni, koma kuliwerenga osamvera Parker mwini kumatulutsa manoti olondola opanda moyo. Lidikire chaka chachiwiri.

Mphindi 45 patsiku zigaweni motere: 10 za manoti aatali kuyambira Bb yapansi, 10 za sikelo ndi ma chord ndi metronome, 15 ndi bandi ya m'buku, 10 zotsanzira woimba. Kumene nyumba zili zothithikana monga ku Kawale kapena ku Chinsapo, tsegulani kabati ya zovala muombere m'menemo. Zovala zimameza phokoso lambiri, ndipo simuzolowera kuomba mwamantha monga amachitira amene amatseka belu, kukamwa kotambalala kwa chida, ndi nsalu. Loweruka lililonse dzijambuleni pafoni mphindi 2, mumvere zinthu ziwiri zokha: ngati mwathamanga, ndi ngati mwapuma.

Bandi ya m'buku siikumvani ndipo siikuyankhani, choncho pakatha miyezi itatu funani anthu. Woimba kiyibodi wa kutchalitchi kwanu ndi wa besi akukwana, kapena funsani ku Music Crossroads ku Area 23 kumene achinyamata amaphunzira zida. Alembereni ma chord a blues kuchokera ku gawo la C la buku, osati lanu. Ndipo potchula kiyi, tchulani ya piyano: nenani kuti blues mu Bb, ngakhale zala zanu pa alto zili mu G.