Pointer ndi nambala chabe, sidziwa nkhokwe imene ikuloza

Mu chinenero cha C, pointer nayo imadya malo mu memory. Chimene imasunga ndi adiresi, ndipo kukula kwake kumatengera chip chimene mukugwiritsa ntchito, osati chinthu chimene ikuloza. Pa ATmega328P, ija ya pa Arduino Uno, pointer imatenga ma byte 2; pa ARM Cortex-M, monga STM32, imatenga 4. Mukakayika funsani sizeof(char *), osangoganizira.

Pa ma chip onsewa byte yaing'ono ndiyo imatsogola. Pointer yoloza 0x0123 mukaisuzumira mu debugger mupeza 0x23 poyamba, 0x01 pambuyo. Musadabwe, ndi mmene imagonera.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa. ATmega328P ili ndi memory ziwiri, flash ya 32 KB (mokhala pulogalamu) ndi SRAM ya 2 KB (mokhala ma variable), ndipo iliyonse imawerenga ma adiresi ake payokha. Adiresi 0x0200 ilipo mu flash, iliponso mu SRAM. Mukaika mawu mu flash ndi PROGMEM, kenako n'kuwawerenga ndi *p (p ndi pointer yoloza mawuwo), compiler imangokhala chete basi, koma chip chimakatapa mu SRAM n'kukubweretserani zinyalala pa sikirini. Werengani ndi pgm_read_byte(p). Ngati mndandanda wa ma pointer nawonso uli mu flash, ntchito ndi iwiri: yambani mwatulutsa pointer ndi pgm_read_word, kenako koperani mawuwo ndi strcpy_P. Pa STM32 vutoli kulibe, chifukwa ma adiresi sagundana: flash imayambira pa 0x08000000, SRAM pa 0x20000000.

Cortex-M0 ili ndi ukali wake. Pointer ya uint32_t iyenera kuloza adiresi yogawika ndi 4. Mukailozetsa pa adiresi yosagawika ndi 4, monga pakati pa buffer ya UART, n'kuwerenga chimene ikuloza, chip chimagwa mu HardFault (pulogalamu imasokonezeka) nthawi yomweyo. Koperani ma byte anayiwo ndi memcpy, nkhani yatha.

Chenjeraninso ndi pointer imene interrupt (code yodukiza pulogalamu pakachitika chinachake) imaisintha. Chip cha AVR, monga ATmega328P, chimanyamula byte imodzi pa nthawi, choncho interrupt ikhoza kulowerera pakati, inu n'kutsala ndi theka lakale ndi theka latsopano, adiresi yoloza kutchire. Vuto lotere limabwera mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake limavuta kuligwira. Kulemba volatile kokha sikukwanira ayi. Kumangoletsa compiler kusunga pointer mu register. Poiwerenga, ikutireni mu ATOMIC_BLOCK ya mu util/atomic.h, ndipo mkatimo muikemo mzere wokopera wokhawo kuti ma interrupt asadikire nthawi yaitali.