Kasamalidwe ka Glock 17 kwa wapolisi amene amayenda nayo tsiku ndi tsiku

Ambiri akaigwira koyamba amati ndi ya pulasitiki, ngati choseweretsa cha ana. Ayi ndithu. Thupi lake lapansi ndilo la polymer, mtundu wa pulasitiki wolimba, koma slide (gawo lapamwamba lomwe limayenda kumbuyo ndi kutsogolo) ndi mpope wake ndi chitsulo chenicheni. Anaipanga Gaston Glock ku Austria, asilikali akumeneko anaitenga mu 1982, ndipo lero apolisi amfuti aku London amanyamulanso yomweyi. Imadya zipolopolo za 9mm, magazini imodzi 17.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, mfuti iyi ilibe kabatani ka sefeti koti mutsegule ndi chala chachikulu. Zotetezera zake zitatu zili pa trigger (kachitsulo kokoka ndi chala poombera) ndi mkati, zimachoka zokha mukangokoka. Ndiye chala chanu chizikhala panja, chowongoka m'mbali mwa mfuti, mpaka mwaona chomwe mukufuna kuombera.

Pomasula ndipomwe pamachitika ngozi zambiri, chifukwa Glock siimasuka osakoka trigger. Yambani kuchotsa magazini, kenako kokani slide kangapo, ikhomeni kumbuyo, suzumirani mu chemba, malo omwe chipolopolo chimakhala kumbuyo kwa mpope, lowetsanimo ngakhale kachala kuti mutsimikize. Mukasemphanitsa, kuyamba slide magazini ikadali momwemo, mwachotsa chipolopolo chimodzi koma mwalowetsa china, ndiye mukoka trigger muli ndi mtima wonse kuti mulibe kanthu. Zipolopolo zonse ziikeni patali, m'chipinda china ngati nkotheka. Masulani slide ibwerere kutsogolo, lozetsani mfuti koti singapweteke munthu, osati khoma la bolodi lomwe kuseri kwake kuli anzanu akulemba ma sitetimenti, ndiye kokani trigger. Kokerani slide kumbuyo pang'ono chabe, ngati mamilimita 3, tsitsani tizitsulo tiwiri ta m'mbali nthawi imodzi, slide ituluka chakutsogolo. Mutsala ndi zidutswa zinayi, thupi, slide, mpope ndi sipuling'i. Kupitirira apo asiyireni aku armoury.

Mpope muziutsuka kuchokera kumbuyo, burashi kaye kenako tinsanza mpaka kotsiriza katuluke koyera. Kwina konseko mswachi wakale umakwana.

Oyilo, apa chonde. Anthu amathira ngati akukazinga chipisi, pomwe mfutiyi imafuna timadontho tochepa, kunja kwa mpope, m'mizere momwe slide imayenda, ndi kamodzi kumbuyo kwa thupi pomwe trigger bar, kachitsulo kochokera ku trigger, imakhudzana ndi kachitsulo kena kotchedwa connector. Mukabowo ka firing pin, kachitsulo komwe kamamenya chipolopolo kuti chilire, musathiremo olo pang'ono, oyilo amagwira fumbi nkusanduka phala, tsiku lomwe mukuifunitsitsa mungomva kuti tche basi osalira. Magazini nayonso izikhala youma mkati. Ikakhala yatsopano mupeza girisi wooneka ngati kopa pa slide, ameneyo ngwa ku fakitale, musamupukute.

Mukaibwezeretsa iyeseni isanalowe chipolopolo, kokani slide, kokani trigger, muone kuti ikubwerera bwino.

Pogwira limbitsani dzanja, chifukwa mkono ukakhala wolobodoka slide siimaliza ulendo wake ndipo khoko la chipolopolo limakanirira pakhomo. Ikakana kulira menyani magazini pansi ndi chikhatho, kokani slide mwamphamvu nkuisiya ibwerere yokha.

Ndipo pobweza mu holster, chikwama chake cha m'chiuno, musamachite changu, palibe akukuthamangitsani. Yang'anani kaye ngati shati kapena kachingwe ka jekete sikanalowemo, chifukwa kansalu kakakola trigger mfuti imalira ili pantchafu panu.