Ndondomeko ya PhD kapena EdD ya ukadaulo wophunzitsira ku America

Mwafunsa kuti digiri ya PhD kapena EdD (digiri ya udokotala pa zamaphunziro) imayenda bwanji. Yambani mwapeza masters, poti mayunivesite ambiri amaifuna. Mukatengedwa, zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba ndi za makosi: kakonzedwe ka maphunziro, mmene munthu amaphunzirira, ndi njira zochitira kafukufuku. Ya statistics musaizembe ayi, mudzaifuna kwambiri posanthula zomwe mwapeza.

Kenako pali mayeso a comprehensive, oyesa zonse zomwe mwaphunzira m'makosiwo. Mukakhoza, lembani pulani ya kafukufuku, komiti ya aphunzitsi okuyang'anirani iivomereze. Ngati mudzafunsa mafunso ana asukulu kapena aphunzitsi, chonde dikirani chilolezo cha IRB (komiti ya payunivesite yoteteza anthu ochita nawo kafukufuku) musanagawe fomu ngakhale imodzi. Mukamaliza kafukufuku lembani dissertation (lipoti lalikulu la kafukufukuyo), mukaiteteze pamaso pa komiti ya aphunzitsi ija.

Ngati muli pantchito, onani EdD ya ku yunivesite ya Boise State, imaphunzitsidwa pa intaneti.