Kapeti ya udzu ikabooka kapena kugona: momwe mungaikonzere musanaganize zogula ina

Kutacha tsiku lotsatira chinkhoswe, mlamu wanga yemwe amasamalira bwalo la loji ina ku Senga Bay anandiimbira foni mawu ali njenjenje. Anyamata owotcha nyama anali atakhazika mbaula pa kapeti ya udzu wapulasitiki, makala n'kugwerapo. Panatsala chibowo chakuda ngati mbale ya ndiwo kukula kwake, m'mphepete mwake pulasitiki atauma gwa. Abwana ake anali atayamba kale kufunsa mitengo ya kapeti yatsopano ku Lilongwe. Tinatseka bowolo ndi kachidutswa ka kapeti yomweyo, ndipo lero alendo amapondapo osadziwa kuti panachitika kanthu.

Ambirife udzu wapulasitikiwu tinaudziwira pa mpira, pa Kamuzu Stadium ku Blantyre ndi pa Chiwembe ku Limbe. Kunja unayamba kutchuka mu 1966 atauyala m'bwalo la Astrodome mumzinda wa Houston ku America. Masiku ano kuno ku Salima wafika m'maloji, m'sukulu za mkaka ndi m'malo ochitira maukwati, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: kapinga weniweni pa dothi lathu lamchengali amamwa madzi ngati ng'ombe, koma ikafika October amauma ndithu.

Yambani mwagwada pansi n'kuyang'ana

Kapetiyi ili ndi zinthu zitatu. Pali ulusi wobiriwira womwe timauona pamwambawo. Pali chinsalu chakuda chapansi chomwe ulusiwo anausokerapo m'mizeremizere, chokhala ndi timabowo todutsa madzi. Ndiye pali mchenga womwe amathira pakati pa ulusi kuti uziimirira komanso kuti kapeti isamayendeyende. Pansi pa zonsezi pali maziko, omwe amakhala dasiti wa kukwale wotsindira bwino kapena simenti.

Phatulani ulusi ndi zala pa malo omwe akukudandaulitsaniwo. Mukaona chinsalu chakuda chili pamtunda popanda mchenga, ndiye kuti vuto ndi mchenga basi. Kokani ulusi pang'ono. Ukalimba, kapetiyo ikadali ndi moyo. Ukamathothoka kapena kuthetheka n'kusiya fumbi lobiriwira m'manja, dzuwa laudya, ndipo zimenezo tizikamba kumapeto. Pondani ndi chidendene mozungulira malowo kuti mumve ngati pansi pakulowa.

Udzu wongogona

Ili ndi vuto la pakhomo lolowera, pansi pa katungwe wa ana ndi pamalo pa goloboyi. Silifuna mpeni kapena guluu. Sesani zinyalala, kenako pesani ndi burashi yolimba ya pulasitiki, muzikankha molimbana ndi komwe udzu wagonera. Burashi yawaya ayi, imang'amba ulusi. Pesani dzuwa litatentha pang'ono chifukwa ulusi ukafunda umadzuka msanga.

Mukatero thirani mchenga pang'onopang'ono, kuwaza ndi dzanja, kupesa, kuwazanso, mpaka ukwirire tsinde la ulusi koma nsonga zizioneka bwinobwino. Mchengawo ukhale wotsuka, wosefa ndiponso wouma kuti uziyoyoka m'manja ngati shuga. Wonyowa umangokhala pamwamba zibumazibuma, ndipo wosakanikirana ndi dothi umatseka timabowo ta madzi tija, mvula ikabwera bwalo lonse zithaphwi. Ndikudziwa kuti nyanja ili pafupi ndipo wilibala ilipo, koma mchenga wa pagombe umakhala ndi tizigoba ta nkhono tocheka ulusi, komanso kukumbako n'komwe kukugumula gombe lathu. Gulani wa kumtsinje, muutsuke mu beseni mpaka madzi azituluka oyera, muuyanike pa lona tsiku lathunthu.

Chigamba

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Mufunika mpeni wakuthwa wodulira kapeti, wa malezala osintha uja, tepi yoyezera, choko, katoni, guluu wa polyurethane wogwira panja, tepi yolumikizira kapeti yomwe imakhala ngati lamba wansalu wa masentimita 20 kapena 30 m'lifupi, ndi njerwa zingapo. Tepiyo ikasowa, dulani lamba pa lona yansalu yokhuthala. Pepala la pulasitiki musayese, guluu sagwirapo. Guluu wa osoka nsapato amagwira masiku oyamba, koma kutentha kwa kuno amafewa n'kulekerera.

Chigamba chichokere pa kapeti yomweyo. Ngati amene anayala anakusiyirani zotsala, muli ndi mwayi, komabe chidutswa chomwe chakhala m'sitolo zaka zitatu chimakhala chobiriwira kwambiri kusiyana ndi chomwe chakhala padzuwa. Ife tinachita chonchi: tinadula chigamba pakona yobisika kuseri kwa miphika ya maluwa, pomwe mtundu wake unali utasuluka mofanana ndi pabowo paja, ndipo chatsopanocho tinakachiika kukonako. Palibe amene amakasuzumira kuseri kwa miphika.

Chotsani mchenga wonse kuzungulira bowo, chikhatho chimodzi mbali iliyonse. Jambulani bokosi la makona anayi lozinga malo owonongekawo. Lozungulira limavuta kufananitsa. Podula, phatulani ulusi kuti mpeni udye chinsalu chokha, ndipo mbali ziwiri za bokosilo zitsate mpata wa pakati pa mizere ya ulusi. Mukamadula ulusi womwe, msoko udzaoneka ngati mutu wometedwa ndi wophunzira. Chidutswa chomwe mwachotsacho chiikeni pa katoni, mujambule, ndipo katoniyo ndiye muyezo wa chigamba chanu. Chigambacho chitembenuzeni, mudule chakumsana komwe mizere ikuoneka bwino.

Tsopano chinthu chomwe ambiri amalakwitsa. Udzu wa pakapeti suima chilili, wonse umapendekera mbali imodzi ngati ubweya wa mbuzi. Sisitani ndi dzanja mumve komwe ukulowera, mulembe muvi ndi choko kumsana kwa chigamba. Mukachiika chotembenuka, ngakhale mutadula bwino chotani, chidzaoneka cha mtundu wina munthu ali patali. Chiyeseni kaye popanda guluu, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi, muyang'ane kuchokera mbali zonse zinayi. Pakati pa chigamba ndi kapeti pakhale kampata ka mamilimita 2 kapena 3. Zikakanikizana msoko umatukumuka, zikatalikirana pamaoneka mzere.

Lowetsani tepi pansi pa mbali zonse zinayi, theka pansi pa kapeti yakale, theka likuonekera m'bowo. Pakani guluu pa tepi, osati pa udzu, mumumwaze ndi kachitsulo ka mano kuti asaunjikane. Pindani ulusi wa m'mphepete kuti usagwere m'guluu, apa m'pofunika munthu wachiwiri wogwirizira. Khazikani chigamba, tsindirani ndi manja kuyambira pakati kupita m'mbali, kenako yalani thabwa musanjikepo njerwa. Pasapondedwe maola 24. Mawa lake chotsani njerwa, bwezerani mchenga, pesani.

Nthawi yogwirira ntchitoyi musaitenge mwachibwana. Ine ulendo woyamba ndinadula chigamba masana dzuwa lili paliwombo mwezi wa November. Kapeti inali yotentha moti sindikanatha kugwada popanda kuyala thumba, ndipo pulasitiki akatentha amatanuka. Usiku kutazizira zonse zinabwerera m'malo mwake, m'mawa ndinapeza mpata wolowa chala. Ndinachita kuyambiranso. Dulani ndi kumata m'mawa mame atauma, kapena madzulo dzuwa litapendeka. Nyengo ya mvula dikirani tsiku louma, chifukwa guluu ameneyu akakumana ndi madzi ambiri amachita thovu. Miyezi ya mwera, June ndi July, samalani ndi mchenga wouluka womwe umamatirira pa guluu musanakhazike chigamba.

Msoko womatuka

Kapeti imabwera m'mipukutu, kawirikawiri ya mamita 2 kapena 4 m'lifupi, choncho bwalo lalikulu lililonse lili ndi misoko. Ukayamba kuyasama konzani sabata yomweyo, chifukwa phazi la mwana likakolamo umang'ambika mita yathunthu. Pindani mbali zonse ziwiri, palani guluu wakale, chotsani tepi yakale, yalani yatsopano, ndipo zotsalazo n'chimodzimodzi ndi chigamba. M'mphepete mwa bwalo momwe kapeti yanyamuka, ngati pansi si pasimenti, khomani misomali ya mainchesi 6 motalikirana chikhatho ndi theka, mutaphatula ulusi kuti mutu wa msomali ubisike. Pabwalo la mpira kapena posewerera ana misomali isakhale pakati, ikhale m'mphepete mokha.

Pansi pakalowa

Dzenje kapena chithaphwi chosaphwa si vuto la kapeti. Kuno kawirikawiri chimakhala chiswe. Pulasitiki sichidya, koma chimadya mizu ndi zitsa zomwe oyala anazisiya pansi, n'kusiya mphako. Nthawi zina ndi madzi a padenga omwe amagwera malo amodzi n'kukokolola dasiti. Matulani msoko wapafupi kapena dulani mbali zitatu mupinde ngati chitseko. Kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, chotsani mizu yonse, thirani mankhwala a chiswe motsatira zolembedwa pabotolo. Bwezerani dasiti pang'onopang'ono, masentimita 5 nthawi imodzi, kuwaza madzi ndi kutsindira musanaonjezere wina. Yezani ndi thabwa lowongoka ndi levulo, ndipo bwalo lipendekere komwe mukufuna madzi azipita, sentimita imodzi pa mita iliyonse. Kumata kapeti pamwamba pa dzenje losakonza n'kutaya guluu.

Ikafika potha

Kapeti ya pabwalo la mpira lotanganidwa imakhala zaka 8 mpaka 10, ya pakhomo imapitirirapo ngati ikusamalidwa. Ulusi ukamathetheka paliponse, chinsalu chapansi chikamang'ambika ndi manja, kapena zigamba zikachuluka mpaka bwalo kuoneka ngati buluku la m'munda, sinthani yonse. Iduleni m'malamba a mita imodzi kuti inyamulike, chifukwa ndi mchenga imalemera zedi. Konzani maziko onse musanayale ina. Yatsopanoyo itambasuleni ikhale maola angapo makwinya athe musanadule, mipukutu yonse iloze mbali imodzi, ndipo udzu upendekere komwe anthu amakhala poyang'ana bwalo, monga kukhonde.

Mabwalo a mpira ena amathira timibulu ta raba ta matayala akale pamwamba pa mchenga. Mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union anagwirizana mu 2023 kuti asiye kugulitsa timibuluti pofika 2031, chifukwa timakokoloka ndi madzi n'kukathera m'mitsinje. Kwa ife omwe ngalande zathu zimathera m'nyanja momwe muli chambo ndi usipa, ngati mukuchotsa kapeti yotere sesani timibuluto muike m'matumba. Yakaleyo musaiwotche, utsi wake ndi woipa pachifuwa. Zidutswa zomwe zikadali bwino zimagwira ntchito popondera pakhomo, pansi pa bwato kapena panjira ya kubafa. Ndipo woyala akamaliza, musamulole kunyamula zotsala za kapeti yatsopanoyo. Zikulungeni, muzisunge pamthunzi, mulembe muvi kumsana kwake.