Mukafuna kupita ku Likoma pa kandege

Amayi atadwala ku Likoma sindikanatha kudikira Ilala, choncho ndinakwera kandege kuchokera ku Lilongwe. Nanunso zikakufikani, chitani motere.

Gulani tikiti masiku angapo ulendo usanafike, chifukwa mipando yake ndi yowerengeka. Dzulo lake imbani foni mutsimikize nthawi, pakuti tindege timeneti timasintha nthawi malinga ndi nyengo. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, ndiye nyamukani msanga. Mseu wa M1 umadzaza pa Kanengo m'mawa.

Nkhani yaikulu ndi katundu. Siyani sutikesi yolimba, tengani chikwama chofewa chomwe angachipanikize kumbuyo. Amayeza chilichonse pasikelo, ndipo musadabwe akafunsa kulemera kwanu. Ine ndinanyamula thumba la ufa woyera, koma linatsala ndi mlamu wanga pakhomo pomwepo, uku akundiseka.

Ulendo wake ndi wa pafupifupi ola limodzi. Khalani pawindo muone nyanja ndi milambe ya pachilumba.

Bwalo la ku Likoma ndi laling'ono, palibe matakisi ondandalika ngati ku Lumbadzi. Uzani wachibale akuchingamireni, ndipo ndalama zapamanja mutapiretu muli ku Lilongwe.