Mmene Mungayesere pa Kompyuta Kulekana kwa Mafuta ndi Madzi mu Settler

Mkuwa wina wa kuno ku Zambia umayeretsedwa m'matanki otchedwa mixer-settler, monga ku Nchanga m'tauni ya Chingola, kumene njirayi inayamba mu 1974, ndiponso ku Kansanshi ku Solwezi. Madzi a asidi okhala ndi mkuwa amavundulidwa pamodzi ndi mafuta onga palafini amene muli mankhwala okoka mkuwawo, kenako zonse zimalowa mu settler kuti timadontho tigundane, tiphatikane, mafuta ayandame ndipo madzi atsale pansi. Kulekanaku kukachedwa, mafuta odula amatayika pamodzi ndi madzi. Malangizowa ndi a wophunzira, kaya wa ku School of Mines pa UNZA kuno ku Lusaka kaya wa kwina, amene akufuna kuona zimenezi pa kompyuta.

Musathamangire kuyatsa kompyuta. Yambani mu labu ndi silinda yagalasi yokhala ndi mizere yoyezera. Vundulani mafuta ndi madziwo, imitsani chovundulira, ndipo lembani pa masekondi khumi aliwonse pamene pafika malire awiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, a lamba wotuwa wapakati wa mafuta ndi madzi osakanikirana, mpaka lambayo atatha. Yezaninso kulemera kwa lita imodzi ya chilichonse, viscosity yake (mmene chimakanira kuyenda mosavuta), interfacial tension (mphamvu yokoka ya pamalire a mafuta ndi madzi), ndi kutentha kwake, popeza mafuta oyezedwa m'mawa wozizira wa mwezi wa July salekana mofanana ndi a mu October. Manambala amenewa ndiwo adzaweruze ngati zotuluka pa kompyuta zili zoona.

Kenako werengerani pa pepala pogwiritsa ntchito lamulo la Stokes la mu 1851. Dontho la mafuta la mamaikiromita 100 (mamaikiromita 1,000 ndi milimita imodzi), lopepuka ndi makilogalamu 200 pa kiyubiki mita kuyerekeza ndi madzi wamba, limakwera pafupifupi milimita imodzi pa sekondi, choncho masentimita 30 limawamaliza m'mphindi zisanu. Dontho la mamaikiromita 20 limafuna pafupifupi maola awiri pa mtunda womwewo, chifukwa dontho likachepa kasanu liwiro lake limachepa ka 25. Apa mpamene mumaonera kuti kuphatikana kwa madontho ndiye mwini nkhani.

Tsopano sankhani njira. Ngati mukufuna kuona madontho awiri kapena atatu pafupi, gwiritsani ntchito Volume of Fluid, njira yotsatira malire a mafuta ndi madzi, imene Hirt ndi Nichols anafotokoza mu 1981. Mu OpenFOAM, pulogalamu yaulere, imapezeka mu interFoam. Koma chenjerani kwambiri. Madontho enieni akayandikana, pakati pawo pamatsala kachikopa ka madzi kopyapyala kuposa maikiromita imodzi, ndipo saphatikana mpaka kataphwa n'kung'ambika. Tizigawo ta mesh yanu, ukonde umene kompyuta imagawira malo onse, n'tatikulu kuposa kachikopako, motero kompyuta imaphatikiza madontho akangogwera m'kagawo kamodzi, ndipo settler yanu imaoneka yachangu kuposa yeniyeni. Chithunzi chake chimakongola, koma n'chonama.

Pa thanki yathunthu, mmene muli madontho osawerengeka, njira yoyenera ndi ya Euler-Euler, yosatsatira dontho lililonse palokha, pamodzi ndi population balance, imene imagawa madontho m'magulu malinga ndi kukula kwawo n'kumawerengera angati akusweka ndi angati akuphatikana. Ambiri amayambira pa masamu a Coulaloglou ndi Tavlarides a mu 1977, amene amachulukitsa kuchuluka kwa kugundana ndi mwayi woti kugundanako kuthere m'kuphatikana. M'masamuwa muli manambala ofunika kuwasintha kuti agwirizane ndi mafuta anu, ndipo ine ndimaona kuti kungokopera a anthu ena n'kumene kumawononga ntchito zambiri za ophunzira. Yambani ndi kutsanzira silinda yanu ija pa kompyuta, sinthani manambalawo mpaka malire awiri aja aziyenda monga munalembera, ndipo mukatero mupite ku thanki.

Bwerezani ntchitoyo ndi mesh ya tizigawo tating'ono kwambiri kuti muone ngati yankho likusintha, ndipo onetsetsani kuti mafuta olowa akufanana ndi otuluka kuphatikiza otsala mkati. Popeza magetsi amazimazima mu Lusaka, ikani writeInterval (nthawi ya pakati pa kusunga zotsatira) yaifupi mu controlDict, fayilo yoyendetsera ntchito mu OpenFOAM, ndipo startFrom ikhale latestTime, kuti magetsi akabwera mupitirire pamene munalekera.

Polemba lipoti, nenani poyera kuti crud simunaiwerengere. Matope amenewa, opangidwa ndi fumbi la miyala, mafuta ndi madzi, amaunjikana pamalire ndipo amachedwetsa kuphatikana, choncho settler ya ku mgodi idzafuna malo okulirapo kuposa amene kompyuta yakupatsani.