Dzuwa la pawindo silipereka vitamini D

Kuothera dzuwa kuseri kwa galasi, kaya pawindo kaya m'galimoto, n'kutaya nthawi. Galasi limatchinga cheza cha UVB, chomwe khungu limafuna kuti lipange vitamini D. Tulukani panja mikono ndi miyendo ili poyera, mphindi 10 mpaka 30, kangapo pa sabata. Yang'anani chithunzithunzi chanu pansi: chikafupika kuposa msinkhu wanu, ndiye kuti chezacho chili ndi mphamvu yokwanira. Dzuwa la m'mamawa lija limangofunditsa.

Khungu lakuda kwambiri limafuna nthawi yotalikirapo, ndipo la okalamba limapanga wochepa. Komabe kukhalitsa padzuwa sikuwonjezera kanthu. Khungu likafika mlingo wake limasiya kupanga, inu n'kumangopsa. Odwala chiwindi kapena impso ayezetse magazi, poti ziwalo zimenezi ndizo zimasintha vitaminiyu kuti agwire ntchito m'thupi.